Chaka cha Kalabu Yothandiza Anthu: Mafunso ndi Mayankho

Anthu akationa titavala zofanana pa tsiku lopereka chithandizo, kapena tikawagulitsa tikiti ya phwando lotolera ndalama, amakhala ndi mafunso ambiri. Ena amafunsa pomwepo, ena amakafunsira kumbali. Pano tasonkhanitsa mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndipo tayankha mosabisa, ngakhale aja amene ofunsawo amachita nawo manyazi.

Kodi kalabu yotereyi n'chiyani kwenikweni?

Ndi gulu la anthu a m'dera limodzi amene amakumana nthawi ndi nthawi, kugwirizana ntchito yoti athandize nayo anthu, kutolera ndalama zake, n'kuigwira okha popanda malipiro. Aliyense ali ndi ntchito yake imene imamudyetsa: wina ndi mphunzitsi, wina namwino, wina wamalonda, wina anapuma pantchito. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi mabungwe akuluakulu a zachifundo amene ali ndi maofesi ndi antchito olipidwa pa mwezi. M'kalabu, amene wavomereza ntchito pa msonkhano ndi yemweyo amene adzanyamule mipando pa tsikulo.

Makalabu amenewa anayamba liti?

Ambiri odziwika padziko lonse anayamba zaka zoposa 100 zapitazo. Pa 23 Febuluwale 1905, loya wina dzina lake Paul Harris anakumana ndi anzake atatu mumzinda wa Chicago, n'kuyambitsa kalabu ya Rotary. Poyamba cholinga chawo sichinali chothandiza ovutika ayi. Harris anakulira m'tauni yaing'ono momwe anthu ankadziwana, ndipo mumzinda waukuluwo ankasowa anzake owakhulupirira. Ankafuna ubwenzi komanso kuthandizana pa malonda. Kuthandiza anthu kunabwera pambuyo, ndipo ntchito yawo yoyamba, imene anayamba kuilimbikira mu 1907, inali yoti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za anthu onse. Ntchito yopanda ulemerero, koma yofunika tsiku lililonse.

Kiwanis inayamba mu 1915 ku Detroit, ndipo masiku ano imadziwika ndi ntchito zothandiza ana. Lions inayamba mu 1917, ku Chicago komweko, motsogozedwa ndi Melvin Jones amene ankachita bizinesi ya inshuwalansi. Amayi nawo anakhala ndi awo: Zonta mu 1919 ku Buffalo, Soroptimist mu 1921 ku Oakland. Round Table inabadwira ku Norwich, ku England, mu 1927, pamene Louis Marchesi anafuna kalabu ya amuna achinyamata.

Koma musaganize kuti kalabu iliyonse iyenera kukhala nthambi ya mabungwe amenewa. Alipo ambiri oima paokha, odziwika m'dera lawo lokha, amene akugwira ntchito yotamandika.

Chaka cha kalabu chimayamba mu Januwale?

Kawirikawiri ayi. Ku Rotary ndi ku Lions chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Ku Kiwanis chimayamba pa 1 Okutobala. Makalabu oima paokha amadzisankhira.

Kaya chiyambe liti, kayendedwe kake kamafanana. Miyezi yoyambirira ndi ya mapulani: komiti yatsopano imakhala pansi, imaona ndalama zimene anzawo asiya, ngongole ngati zilipo, malonjezo amene sanakwaniritsidwe, kenako imalemba bajeti ndi kalendala. Pakati pa chaka ndiye pamakhala phokoso, kutolera ndalama ndi kugwira ntchito. Miyezi iwiri kapena itatu yomaliza ndi yosankha atsogoleri ena, kutseka mabuku ndi kulemba malipoti.

Masiku ena amachita kudziikiratu okha pa kalendala. Pa 14 Juni ndi tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse. Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Okutobala ndi tsiku la maso. Pa 24 Okutobala ndi la poliyo. Pa 5 Disembala ndi tsiku la anthu ogwira ntchito mongodzipereka, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1985. Masiku amenewa amathandiza chifukwa mawailesi ndi manyuzipepala amakhala akukamba kale nkhaniyo, motero uthenga wa kalabu suvuta kumveka. Chokhacho n'chakuti kalendala isadzaze ndi masiku okumbukira mpaka kusowa mpata wa ntchito imene anthu a m'dera apempha.

N'chifukwa chiyani wapampando amasintha chaka chilichonse? Si kutaya luso kumeneko?

Luso lina limatayikadi. Munthu amayamba kuidziwa bwino ntchito cha kumapeto, nthawi yake n'kutha. Koma kalabu imene yakhala ndi wapampando mmodzi kwa zaka zambiri imasanduka yake. Anthu amaleka kutsutsa, amaleka kufunsa za ndalama, ndipo tsiku limene iyeyo adzatope, zonse zimaima. Kusinthana kumachititsa kuti pakapita zaka zingapo, m'chipindamo mukhale anthu ambiri odziwa kulemera kwa mpandowo, ndipo anthu oterowo sadzudzula mwachibwana. N'chifukwa chake makalabu ambiri amasankhiratu wolowa m'malo miyezi yambiri nthawi isanakwane, kuti aziphunzira ali pambali, ndipo wotuluka amakhalabe m'komiti chaka chimodzi.

Kodi ndiyenera kukhala wolemera kuti ndilowe?

Ayi, koma tisanamizane kuti n'zaulere. Pali ndalama ya umembala, ndipo m'makalabu a mabungwe a padziko lonse gawo lina la ndalamayo limapita kulikulu. Pali zoyendera, ndipo ngati misonkhano imachitikira pa malo odyera, aliyense amadzilipirira. Funsani zonsezi musanalowe, ndipo kalabu yabwino idzakuuzani mosazungulira. Makalabu ena amene ankakumana m'mahotela okwera mtengo anasamukira m'maholo wamba kapena pa intaneti ataona kuti anthu akhama akulephera kulowa chifukwa cha mtengo wa mbale imodzi.

Zimadya nthawi yochuluka bwanji?

Misonkhano imakhala ya mlungu ndi mlungu kapena kawiri pa mwezi, ola limodzi kapena awiri. Sabata ya chochitika chachikulu ndiyo imadya madzulo onse. Mlembi ndi msungichuma amagwira kuposa ena onse, ndipo n'chilungamo kuwauziratu zimenezi asanavomere.

Mumasankha bwanji ntchito yoti mugwire?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa kalabu yothandiza ndi kalabu yongooneka ngati ikuthandiza.

Njira yosavuta ndi yoti membala wina aime pa msonkhano, anene zimene waona zikumumvetsa chisoni, onse aombe m'manja, ntchito iyambe. Chisonicho n'chenicheni, koma chimene mlendo waona pa ola limodzi si chimene chimawasowetsa tulo eni ake. Mutha kupita pa sukulu ndi makompyuta, osadziwa kuti magetsi anadulidwa kalekale ndipo vuto limene likuchotsa atsikana m'kalasi ndi kusowa kwa zimbudzi zotsekeka. Mutha kugulira chipatala makina amene palibe wodziwa kuwakonza, n'kukawapeza chaka chamawa ataphimbidwa nsalu pakona.

Ndiye tisanavomereze chilichonse, timatuma anthu awiri kapena atatu kukakhala pansi ndi eni ake. Osati ndi mkulu wa pamalopo yekha, koma ndi amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku komanso amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Mafunso ake ndi omwewa nthawi zonse. Vuto lalikulu kwa inu ndi liti? Munayesapo chiyani kale? Alipo ena amene akuthandiza pa nkhani yomweyi? Chinthuchi chikadzawonongeka ife kulibe, adzakonze ndani, ndi ndalama zochokera kuti? Inuyo muikapo chiyani?

Funso la kukonza ndi limene limagwetsa mapulani ambiri okoma. Mjigo umafuna anthu ophunzitsidwa kusintha ziwiya zikatha, malo ogula ziwiyazo, ndi thumba losonkherana. Popanda zimenezi, madzi amatuluka pa tsiku la zithunzi ndi miyezi ingapo yotsatira, kenako anthu amabwerera kumene ankatunga kale. Mitengo nayo kuibzala ndi tsiku limodzi, koma kuithirira ndi kuiteteza ku ziweto ndi moto ndi zaka. Si zathu zokha zimenezi: thumba la Rotary Foundation limafuna kuti kalabu yopempha ndalama za ntchito zikuluzikulu isonyeze kaye kuti inafufuza zosowa kwa anthu a m'deralo, komanso kuti ntchitoyo idzapitirira ndalamazo zikadzatha.

Maganizo athu ndi akuti ntchito ziwiri zimene tidzabwererako chaka ndi chaka zimaposa khumi zimene tangodutsa. Ena m'kalabu amatsutsa, amati kuchuluka kwa zochitika kumakopa mamembala atsopano, ndipo mkangano umenewu umabwera pafupifupi chaka chilichonse pokonza bajeti.

Nanga ntchito zosafuna ndalama zilipo?

Zambiri. Kuwerenga ndi ana pa laibulale, kuyendera okalamba, kuyeretsa malo, kukopa anthu kuti akapereke magazi, kuphunzitsa achinyamata kulemba kalata yofunsira ntchito. Membala wodziwa za malamulo, za zomangamanga kapena zowerengera ndalama akapereka luso lake kwa maola ochepa, nthawi zina amapulumutsa ndalama zoposa zimene phwando lonse likanabweretsa.

A Lions amadziwika ndi ntchito ya maso kuyambira 1925, pamene Helen Keller, mayi amene anali wosaona ndi wosamva, analankhula pa msonkhano wawo waukulu ku Cedar Point, ku Ohio, n'kuwapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona. Kwa zaka zambiri akhala akutolera magalasi a maso akale. Ntchito yake ndi yamanja: kukhuthula mabokosi patebulo, kutaya osweka ndi okandika, kutsuka otsalawo, kuyeza mphamvu ya galasi lililonse pa makina, kulemba pa kathumba, kusanja. Munthu amene wakhala zaka akulephera kulowetsa ulusi pa singano akavala oyenera maso ake, amayamba wayang'ana zikhatho zake. Mu 1990 a Lions anayambitsanso pulogalamu ya SightFirst, imene yathandiza pa maopaleshoni ambiri a ng'ala.

Ndalama mumazipeza bwanji?

Njira zake n'zodziwika: ulendo wa ndawala, phwando la chakudya chamadzulo, mipikisano ya masewera, okushoni ya zinthu zimene anthu apereka, matikiti a mphoto, makonsati, ndi kupempha makampani. Makalabu a m'mabungwe akuluakulu amathanso kupempha ku matumba a kulikulu. Thumba la Rotary linayamba mu 1917 ndi ganizo la Arch Klumph, ndipo chopereka choyamba chinali madola 26.50 ochokera ku kalabu ya ku Kansas City.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti ndalama zolowa si phindu. Phwando litha kudzaza holo, aliyense n'kupita kwawo akuyamikira, koma mukachotsa za holo, chakudya, oimba, zokuzira mawu ndi kusindikiza matikiti, n'kupeza kuti chatsala n'chochepa moti mamembala akanangosonkha okha zikanaposa. Choncho tisanayambe timawerengera kuti tiyenera kugulitsa matikiti angati kuti tingobweza zimene talowetsa, ndipo ngati nambalayo ikuposa theka la mipando, timaganizanso kawiri. Timayesetsa kuti zolipira zikuluzikulu zitengedwe ndi otithandiza tsikulo lisanafike. Tikiti imene munthu wati adzalipira pakhomo sitiiwerengera ngati yagulidwa.

Chenjezo lina: m'maiko ambiri, mpikisano wa matikiti a mphoto komanso kutolera ndalama m'misewu zimafuna chilolezo cha boma. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mlembi afunse kaye matikiti asanasindikizidwe.

Pa zopempha makampani, kalata yachidule yonena chinthu chimodzi, mtengo wake, ndi amene apindule imayankhidwa msanga kuposa yaitali yofotokoza mbiri yonse ya kalabu. Ndipo kampani imene mwaibwezera lipoti ndi malisiti ntchito itatha, chaka chamawa siyivuta kuyigogodera. Ambiri amaiwala kubwerera kukathokoza, n'kumadabwa kuti khomo latsekeka.

Ndinene mosabisa: ndikapereka ndalama, sizikathera ku maphwando anu?

Funsani ndithu, ndipo kalabu imene ingakwiye ndi funso limeneli musaipatse kanthu.

Lamulo lake ndi la matumba awiri. Thumba loyamba ndi la kayendetsedwe ka kalabu, ndipo mumalowa ndalama za mamembala okha. M'menemo ndi mochokera za mapepala, za holo ya misonkhano, za kulikulu, za chisangalalo chathu. Thumba lachiwiri ndi la ntchito zothandiza anthu, ndipo chilichonse chochokera kwa anthu akunja chimalowa m'menemo. Ndalama itha kuchoka m'thumba loyamba kupita m'lachiwiri, koma siingabwerere. Ku Lions limeneli ndi lamulo lolembedwa: zimene zatoleredwa kwa anthu ziyenera kubwerera kwa anthu. Zololedwa kuchotsapo ndi zimene zalowa pokonza chochitika chotolera ndalamacho basi.

Pamwamba pa apo pali zizolowezi zing'onozing'ono zimene sitizinyalanyaza. Ndalama sizituluka kubanki popanda anthu awiri kusainira, ndipo awiriwo asakhale a banja limodzi. Palibe kusainira cheke chosalembedwa kanthu, ngakhale mnzanuyo mumamukhulupirira chotani. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti. Pa zinthu zokwera mtengo timafunsa mitengo kwa ogulitsa angapo, ndipo membala amene ali ndi bizinesi yokhudzidwa amanena poyera n'kutuluka pamene ena akuvota.

Usiku wa chochitika, alendo akapita, anthu awiri kapena atatu amatsala patebulo ndi bokosi la ndalama. Mmodzi amawerenga, wina amabwereza, wachitatu amafananiza ndi zotsalira za mabuku a matikiti. Ngati buku lina lasowa masamba atatu, amafufuza pompo amene analitenga, osadikira mawa. Onse amasainira pa pepala limodzi, ndipo ndalamazo zimapita kubanki tsiku lotsatira logwira ntchito, osati kukagona m'nyumba ya munthu sabata yonse. Zopereka za pa foni zimapita ku nambala ya kalabu, osati ya membala.

Ena amaona ngati zonsezi ndi kukayikirana. Ife timaona kuti zimateteza msungichuma wokhulupirika. Mphekesera ikabuka, iye amangotsegula buku. Mwezi uliwonse amawerenga lipoti pa msonkhano limodzi ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo pakutha pa chaka munthu wodziwa za mabuku amene sali m'komiti amaunika zonse. Kalabu ilibe katundu wina woposa dzina lake, ndipo nkhani imodzi yokha ya ndalama zosowa imatha kuumitsa zopereka kwa zaka.

Ndikapereka ndalama za ntchito inayake, mungazigwiritse ntchito ina?

Ayi, pokhapokha titakufunsani inu n'kuvomera.

Nanga chiyanjano chimene mumachitchula kawirikawirichi, si dzina lokometsera la kudya ndi kucheza?

Kudya ndi kucheza kulipo, ndipo sitichita nako manyazi, pakuti timalipira tokha. Kumbukirani kuti makalabu oyamba aja anayamba ndi ubwenzi, ntchito n'kumera pamwamba pake.

Munthu wongodzipereka simungamuopseze ndi kumudula malipiro kapena kumuchotsa ntchito. Chimene chimamudzutsa m'mamawa Loweruka kukugwa mvula n'chakuti akudziwa kuti mnzake wafika kale ndipo akumudikira. Anthu amalowa m'kalabu chifukwa cha ntchito, koma amakhalitsa chifukwa cha anthu. Tikaona membala wayamba kujomba, nthawi zambiri sikuti waleka kukonda ntchitoyo, koma palibe amene anamuimbira foni atadwala, kapena wakhala miyezi itatu akukhala yekha kumapeto kwa tebulo pamene akale akuseka nkhani zawo zakale.

Choncho chiyanjano chenicheni si phwando la pachaka lokha. Ndi kuyenderana m'matenda ndi m'maliro, kukondwera limodzi mwana wa mnzathu akakhoza mayeso, kuitana mabanja kuti aone kumene bambo kapena mayi amapita madzulo aja. Ndi kupereka membala watsopano kwa wina wakale kuti aziyenda naye, ndi kumupatsa kantchito m'mwezi woyamba womwewo. Ubwino wina ndi wakuti m'kalabu mumakumana anthu amene sakanakhalira tebulo limodzi kwina kulikonse: amisinkhu yosiyana, antchito zosiyana, azikhulupiriro zosiyana.

Ngozi yake iliponso. Chiyanjano chikakoma kwambiri, kalabu imatha kusanduka kagulu kotsekeka, kokumana kuti kadye basi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: yang'anani maminitsi a miyezi itatu yapitayi, muone ngati nthawi yambiri inathera pa za phwando kapena pa za anthu amene tikuwatumikira.

Ndale ndi chipembedzo zimaloledwa?

Aliyense ali ndi zake, koma kalabu siitenga mbali. Sitiimira chipani, sitikopa anthu kuti avotere munthu, ndipo pothandiza sitifunsa kuti wolandirayo amapemphera kuti. Nyengo ya zisankho timasamala kwambiri ndi zopereka zobwera ndi makamera.

Amayi ndi achinyamata ali ndi malo?

Masiku ano inde, koma sizinali choncho kuyambira kale. Kwa zaka zambiri Rotary, Lions ndi Kiwanis anali a amuna okhaokha. Kalabu ya Rotary ya ku Duarte, ku California, italandira amayi inachotsedwa m'bungwe, nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 1987 khoti lalikulu la ku United States linagamula mokomera kalabuyo. Chaka chomwecho Lions ndi Kiwanis anatsegula makomo, ndipo mu 1989 Rotary inasintha malamulo ake padziko lonse. Zinatenganso nthawi kuti amayi afike pamwamba: Gudrun Yngvadottir wa ku Iceland anakhala mtsogoleri wa Lions padziko lonse mu 2018, ndipo Jennifer Jones wa ku Canada anatsogolera Rotary kuyambira mu 2022 mpaka 2023.

Achinyamata ali ndi makalabu awoawo: Leo ya ku Lions, imene inayamba mu 1957, komanso awiri a ku Rotary, Interact ya mu 1962 ya azaka 12 mpaka 18 ndi Rotaract ya mu 1968. Pempho lathu kwa akuluakulu n'lakuti asamawaitane kudzanyamula katundu kokha. Apatseni ntchito yawo, bajeti yawo, ndi mpata woti alakwitse n'kukonza.

Mukamagwira ntchito ndi ana kapena odwala, mumawateteza bwanji?

Wamkulu sakhala yekha ndi mwana pamalo obisika, makolo kapena aphunzitsi amavomereza kaye, ndipo kumene malamulo amafuna kuti ogwira ntchito ndi ana afufuzidwe mbiri yawo, timatsatira. Pa ntchito za umoyo, kuyeza ndi kupereka mankhwala ndi za ophunzira ntchitoyo okha. Ife timakonza malo, mizere, mayendedwe ndi kalembera.

Bwanji simuonetsa nkhope za amene mwawathandiza? Zithunzi si zimene zimakopa opereka?

Zimakopadi, ndipo n'chifukwa chake chiyeso chake n'chachikulu. Koma munthu amene walandira thandizo lero adzakhalabe ndi moyo mawa, ali ndi anansi, ali ndi ana amene amapita kusukulu. Chithunzi chake atatambasula manja chikaikidwa pa Facebook sichifufutika. Timapempha chilolezo tisanajambule, timafotokoza kumene chithunzicho chipite, ndipo wokana amalandira chimodzimodzi ndi wovomera. Ana sitiwatchula maina. Nthawi zambiri chithunzi cha denga latsopano kapena cha mashelefu odzaza mabuku chimakwanira.

A Rotary ali ndi mafunso anayi amene Herbert J. Taylor analemba mu 1932, ndipo bungwelo linawatenga mu 1943: ngati chinthu chili choona, ngati chili chachilungamo kwa onse okhudzidwa, ngati chimanga ubwenzi ndi kufunirana zabwino, ndiponso ngati chipindulira onse. Zithunzi zambiri zokopa ndalama zimagwa pa funso lachiwiri.

Kagulu ka anthu ochepa kangasinthe chiyani pa mavuto aakulu chonchi?

Pakokha, kangasinthe sukulu imodzi, wodi imodzi, msewu umodzi. Makalabu akalumikizana, nkhani imakula. Mu 1979 Rotary inayamba ntchito yopereka katemera wa poliyo kwa ana 6 miliyoni ku Philippines. Mu 1985 inakhazikitsa pulogalamu ya katemera ya PolioPlus, ndipo mu 1988 inagwirizana ndi WHO, UNICEF ndi CDC, bungwe lolimbana ndi matenda la ku United States, pa nkhondo yothetsa matendawa padziko lonse. Chaka chimenecho poliyo inkapundula ana pafupifupi 350,000 pa chaka m'maiko 125. Chiwerengerocho chatsika ndi zoposa 99 peresenti. Mu Ogasiti 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chathana ndi kachilombo ka poliyo kachilengedwe, ndipo maiko amene kakadakhazikika ndi Afghanistan ndi Pakistan. Maboma, azaumoyo ndi mabungwe ena anagwira gawo lalikulu, koma ndalama zinanso zambiri zinachokera ku timaphwando ndi maulendo a ndawala a makalabu wamba, chaka ndi chaka, kwa zaka zoposa 30.

Ntchito ikalephereka mumatani?

Walira mvula walira matope. Chochitika chitha kugwa chifukwa cha nyengo, wolonjeza atha kubwerera m'mbuyo, mitengo ya zipangizo itha kukwera ntchito ili pakati. Chofunika ndi kuuza opereka ndi olandira msanga, zoona zake, ndi zimene tichite ndi ndalama zotsala. Kenako timalemba chimene chinavuta m'lipoti, kuti komiti ya zaka zitatu zikubwerazi isadzagwere m'dzenje lomwelo. Timasiyanso kandalama kapadera m'bajeti iliyonse, ndipo sitilonjeza anthu chinthu ndalama zake zisanalowe kubanki.

N'chifukwa chiyani m'makalabu ambiri ntchito imagwera anthu omweomwewo?

Chifukwa iwo sakana, ndipo kuwapempha n'kosavuta kuposa kuphunzitsa wina. Mapeto ake amatopa, amayamba kudandaula, kenako amasowa. Mbali ina vuto ndi lawo lomwe, poti ena safuna kusiya chimene anachizolowera. Wapampando wanzeru salengeza pagulu kuti pakufunika odzipereka, chifukwa manja amene adzakwere ndi omwe aja. Amapita kwa munthu mmodzi, n'kumupempha chinthu chimodzi chooneka mapeto ake. Ndipo membala akanena kuti chaka chino ali ndi zovuta kunyumba kapena kuntchito, timamulola kupuma popanda kumuchititsa manyazi.

Chaka chimatsekedwa bwanji?

Pamakhala mwambo wosinthana mipando, kuthokoza amene anagwira ntchito, ndi kulandira komiti yatsopano. Koma kusinthana kwenikweni kumachitika patebulo, masiku angapo mwambowo usanafike. Mlembi amapereka maminitsi, mndandanda wa mamembala ndi makalata onse. Msungichuma amapereka mabuku ounikidwa, ndipo maina a osainira kubanki amasinthidwa. Manambala achinsinsi a imelo ndi masamba a pa intaneti amaperekedwanso, pakuti makalabu ambiri anataya masamba awo chifukwa amene anawatsegula anachoka nawo. Pomaliza pamakhala mndandanda wa malonjezo amene akadali panjira: mwana amene fizi yake tinayamba kulipira sasiya sukulu chifukwa choti wapampando wasintha.

Lipoti la chaka timalipereka kwa onse amene anatithandiza, ndipo aliyense wolifuna atha kulipempha.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambire pati?

Pitani ku msonkhano ngati mlendo, kawiri kapena katatu, ndipo mukapezeke pa tsiku limodzi la ntchito musanasankhe. Makalabu ena amafuna kuti membala akuperekezeni ndi kukuikirani umboni, ena mumangolemba fomu. Mukafika funsani kuti ndalama ya umembala ndi zingati ndipo imapita kuti, pemphani kuona lipoti la ndalama la chaka chatha, ndipo funsani za ntchito imene anaigwira zaka zitatu zapitazo, ngati ikuyendabe.

Ngati umembala simungaukwanitse pakali pano, siyani dzina ndi nambala yanu kwa mlembi, munene luso lanu ndi masiku amene mumapezeka. Ngati m'dera lanu mulibe kalabu, mutha kuyambitsa. Ku Lions kalabu yatsopano imafuna anthu 20 ndi kalabu ina yoiperekeza. Yoima payokha imafuna malamulo olembedwa, komiti yosankhidwa, kulembetsa monga mwa malamulo a dziko lanu, ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la kalabu musanalandire chopereka choyamba.